Madina ndi Ekisikaveta ya ku Dwambazi

Madina anakulira pakhonde lonunkha oyilo. Bambo ake, a Swaleh, ankakonza injini za maboti a asodzi pa boma la Nkhotakota, ndipo popeza ana awo aamuna onse anathawira ku malonda a mpunga, wowapatsira masipanala anali iyeyo. Amayi oyandikana nawo ankadandaula kuti mwana wamkazi zala zada ngati za wootcha makala. A Swaleh ankangoyankha kuti sopo alipo.

Atamaliza sekondale anakaphunzira za makina akuluakulu ku sukulu ya ntchito zamanja, ndipo atabwerako analembedwa ntchito ndi kampani ina yomanga misewu ndi madamu. Mpango wake ankaumanga zolimba pansi pa chipewa cha pantchito, kuopa kuti lamba wa injini angaukoke.

Chaka chimene dzina lake linamveka, kampaniyo inkaunda chitunda chotchinga madzi m'mbali mwa mtsinje wa Dwambazi. Dzinja lapitalo mtsinjewo unali utasefukira n'kukwirira minda ya mpunga ndi mchenga. Tsopano unali mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kuda kumapiri, ndipo ekisikaveta imodzi yokhayo yokumba ndi kuunjika dothi inayamba kutsamwa. Inkalira bwinobwino, kenako n'kufooka, mkono wake n'kulendewera ngati wa munthu wamalungo.

Madina anafika m'mawa pa njinga yamoto atakweza bambo ake, omwe anati akufuna kukazonda mlongo wawo kumeneko. Anapeza woyendetsa makinawo, a Lenard, atagwira m'chiuno.

"Achemwali, fyuluta ya dizilo ndasintha, mpweya wa m'mapaipi ake ndaupopa, palibe chasintha," anatero a Lenard. "Kagalasi kam'katimu kakungondionetsa manambala ofiira."

Madina anakwera n'kuwerenga manambalawo. Ankawadziwa. Kompyuta ya makinawo inkadandaula kuti siikumva liwiro la injini. Anawafotokozera a Lenard kuti pali kachipangizo kotchedwa sensa, kotalika ngati chala, kamene kamawerenga mano a gudumu lalikulu la kumbuyo kwa injini likamazungulira. Kakangokhala chete, kompyuta siidziwa dizilo woyenera kupereka, ndiye imachepetsa mphamvu kuti injini isawonongeke.

Anayala katoni, n'kukwawira kunsi, n'kumasula kasensako. Kunsonga kwake, komwe kuli maginito, kunali kutamatirira tizitsulo ngati ndevu. Anakapukuta, anakabwezera posiya mpata woyenera, n'kufufuta manambala aja. Injini inalira mokoma. Alimi amene anadzaza pamthunzi wa mango anawomba m'manja, mayi wina n'kuyamba nthungululu.

A Lenard atangokumba kangapo, makina anatsamwanso. Nthungululu inathera pakhosi. Wina pagulupo ananena mokweza kuti bwenzi atangoitana amuna a ku Lilongwe. Madina anamva, nkhope inamutentha, koma sanacheuke. Anatulutsa mita yake yoyezera magetsi n'kuyeza sensa ija. Inali yabwinobwino.

A Swaleh, omwe nthawi yonseyi anali atakhala pachitsa, ndodo ili pakati pa miyendo, anakodola Madina.

"Mayi, za makompyutazi ine sindizidziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma ndakhala ndikumvetsera. Ikamalira itangoima siitsamwa. Imatsamwa ikagwedezeka, chokumbira chake chikagunda pouma."

Madina anatembenukira ku makinawo.

"Ndiye kuti ndi waya, ababa."

Anauza a Lenard kuti ayilize injini koma asagwire china chilichonse. Iye anayamba kutsatira mawaya kuchokera pa sensa, akuwagwedeza ndi dzanja pang'onopang'ono, thukuta likulowa m'maso, chitsulo chotentha chikumuwawula mkono. Atafika kuseri kwa chitsulo chogwira paipi ya mafuta, injini inatsamwa. Anasiya, inadzuka. Anagwedezanso, inatsamwanso. Madina anaseka yekha pansi pa makinawo. Kachingwe komangira mawayawo kanali kataduka kalekale, ndipo waya mmodzi anakhala akukhulika m'mphepete mwa chitsulocho mpaka mkuwa kuonekera.

Anadula podyekapo, analumikiza n'kuwotcherera, anakulunga ndi tepi, n'kumangirira wayayo kutali ndi chitsulo chija. Atafufutanso manambala anatuluka akudzisasa fumbi.

"A Lenard, igundeni pouma penipeni. Musaimvere chisoni."

A Lenard anaigunda pamiyala, anaizunguza uku ndi uku, chokumbira chikutuluka chodzaza mpaka kutayikira. Makina anagwira ntchito tsiku lonselo osatsokomola n'komwe, kagalasi kaja kali mbee. Madina anaima chapatali akupukuta manja ndi kansanza, mtima ukumugunda mokoma. Anadziwa kuti ntchitoyi waigwira bwino, ndipo sanafune kuti wina achite kumuuza.

Koma a Swaleh sanathe kudzigwira. Anadzuka pachitsa n'kuyamba kuzungulira alimi aja mmodzimmodzi, akuloza ndi ndodo.

"Mwamuona ameneyo? Mwana wanga ameneyo. Alhamdulillah, Mulungu atamandike!"

Kwa mlongo wawo anakafika chakudya chitazizira. Lachisanu lotsatira anafotokoza nkhaniyo pabwalo la mzikiti mpaka anzawo kuiloweza, ndipo za khutu lawo lomwe linathandiza sankazitchula n'komwe.

Chitunda chinatha mvula isanalimbe. Mu Januwale mtsinje wa Dwambazi unadzaza, unawinduka, koma unathera pachitundapo, mpunga n'kucha bwino. Lero Madina ndiye amayang'anira makina onse a kampaniyo kuyambira ku Benga mpaka ku Dwambazi, ndipo anakwatiwa ndi a Hamza, mphunzitsi wa ku Malengachanzi, amene anazolowera kupeza masipanala m'beseni la mbale. Akamadutsa pa mlatho wa Dwambazi amachepetsa liwiro n'kusuzumira kumtunda kwa mtsinje. Chitundacho chinamera udzu tsopano, ndipo mbuzi zimadya pamwamba pake.