Nsupa Zisanu ndi Ziwiri za Amalume

Kutchalitchi kwathu ku Balga, kuno kudziko la azungu, amadziwa kuti ndimagwira ntchito kumunda wa maluwa. Si bodza kwenikweni, pajatu chamba nachonso chimachita maluwa. M'mawa uliwonse ndimakwera sitima ya ku Joondalup, kenako basi, mpaka kunyumba yagalasi kumene azungu amalima fodya wamkuluyu ndi chilolezo cha boma, ati ndi mankhwala. Timavala zoyera ngati madokotala. Chomera chomwe amalume anga anagonera m'ndende, ine ndimachikhudza nditasamba m'manja kawiri.

Kumeneko sitibzala njere. Pali chitsamba chimodzi chomwe amachitcha mayi, timangodulako nthambi n'kuzika ngati chinangwa. Nyumba yonse yodzaza, koma chomera n'chimodzi chomwecho. Abwana athu, mzungu wa madigiri atatu, ankanyadira zimenezi mpaka mayiyo atadwala chaka chatha. Masamba anayamba kupota, ndipo popeza ana onse ndi iye yemweyo, panalibe wolimba kuposa mnzake. Tinazula mizere yathunthu. Abwana anatiuza poyera kuti ikapanda kupezeka mbewu ina yopirira, nyumbayo itsekedwa. Ine zaka zapita, msana wanga sungathe za kumigodi, ndipo mantha anandigwira.

Tsiku lina abwana anandiitanira mu ofesi n'kundipatsa mpando, zomwe anali asanachitepo. Anali atawerenga kuti kumapiri a kwathu kuli mbewu za chamba zamakolo zamitundumitundu, chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo zikutha. Ankayankhula motsitsa mawu ngati ali m'kachisi. Anati mapepala a boma ayendetsa okha, ine ndingowapezera mlimi amene anasunga mbewuzo.

Mlimiyo ndinkamudziwa. Amalume, alongo awo a mayi anga, ankapachika nsupa zisanu ndi ziwiri kudenga la khitchini kuti utsi uzithamangitsa tizilombo. Nsupa iliyonse inali ndi mbewu yakeyake: ina yopirira chilala, ina yakudambo, ina yochedwa kukhwima yomwe anapatsidwa ndi apongozi awo. Pobzala ankasakaniza. Ankati munda wa mbewu imodzi umafa tsiku limodzi. Kusukulu sanapondeko.

Ine ndinapondako. Ndili mnyamata ndinatembenuka mtima mwamphamvu moti ndinayamba kutembenuza ena asanandipemphe. Lamulungu lina masana, amalume ali kumaliro, ndinatsogolera kwaya ya achinyamata kukhitchini kuja, nditamanga taye. Tinatsitsa nsupa zonse pamodzi ndi mitolo ya masamba ouma, n'kuyatsa moto pabwalo tikuimba. Njere zinkathetheka ngati chimanga chokazinga. Mphepo inabweza utsi kwa ife, ndipo sindinamvepo kwaya ikuimba mwachimwemwe ngati tsiku limenelo. Utsi womwewo ndi umene unaitana apolisi, amalume n'kukalima munda wa ndende.

Abwana atandipempha zija, ndinazengereza sabata yathunthu. Kenako ndinawaimbira foni amalume nditaima kuseri kwa nyumba yagalasi, ndili m'zoyera zanga. Titapatsana moni, ndinafotokoza zonse, ndikuzungulira ngati munthu wokafunsira mbeta. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye azunguwo amakulipira kuti uzithirira chamba?" anafunsa.

"Ndi mankhwala, amalume."

"Eya. Chikakwera ndege chimasanduka mankhwala. Nanga kutchalitchi akudziwa?"

Funsolo ndinalidumpha. "Mwina pali njere zina zinatsala, amalume, kaya kwa anzanu aja?"

"Anzanga anatha, mphwanga. Ana awo amabzala za m'mapaketi zochokera kwa azungu ako omwewo, zofanana ngati ana a sukulu pa mzere. Zanga zinali zisanu ndi ziwiri. Unaziwerenga wekha poponya pamoto, mokweza, kuti Mulungu amve."

Sanakalipe. Anandifunsa za ana, n'kunena kuti batire yatsala pang'ono kutha. Manyazi anandiphimba kumaso, ndipo ndikanakonda akanangonditukwana.

Ndinabwerera mu ofesi n'kuuza abwana kuti mlimi uja alipo, koma mbewu zake zinapsa ndi moto kalekale. Mpando sanandipatsenso. Makalata otichotsa ntchito anali kale patebulo, yanga ili pamwamba. Anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti umbuli ndi umene ukuwononga chuma cha ku Afirika.

Ndinavomereza ndi mtima wonse. Mbuliyo ndimaidziwa bwino, inali itamanga taye.