Ndinagona m'munda wa mpunga pakati pa magulu awiri

Wina akhoza kunena kuti ndikupeka, koma zimenezi zinandichitikira ineyo, ndipo amene analipo ambiri akadali moyo.

Munali m'zaka zija matipate atangoyamba. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatiwa ku Chitipa, kumunsi kwa mapiri a Misuku, m'mbali mwa Songwe, mtsinje umene umatilekanitsa ndi Tanzania. Chaka chimenecho madzi anasefukira, mtsinje n'kusiya khwawa lake lakale n'kudzera kwina, moti munda wathu wa mpunga unapezeka uli tsidya lija. A kumeneko ankati malire ndi madzi, ndiye mundawo wasanduka wawo, pamene a mbali yathu ankati malire ndi khwawa lakale. Ine ndinkangoti ndi mikangano ya amuna pa mowa. Nanga mpunga woti ndaupalira ndekha ndikanausiyira mbalame?

M'mawa wina ndinabereka mwana wanga wakhanda n'kuwoloka osauza munthu. Nditangoyamba kumweta ndinamva mluzu, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona amuna akutuluka m'nthochi ndi zikwanje, mikondo, wina atanyamula mfuti ya gogodela. Kumbuyo kwanga nako a mbali yathu anali akuwoloka ndi zida zawo, amuna anga ali momwemo, osadziwa kuti mkazi wawo ali mu mpungamo. Ndisanakuwe n'komwe, mfuti inalira.

Ndinadzigwetsa chafufumimba m'matope. Miyala inkadutsa pamwamba panga, anthu akutukwanizana m'Chindali ndi Chiswahili, koma chimene chinandiopsa kwambiri si chimenecho ayi. Mwana kumsanaku anangoti zii, osalira, osagwedezeka, ndipo ndinkamva chinthu chofunda chikuyenderera m'nthiti mwanga. Amayi anzanga, mukanaganiza chiyani? Manja anakana kumasula nsalu, ndinkaopa zimene ndione.

Kenako analira. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. Chofunda chija unali mkodzo chabe, iye anali atangobanika ndi mantha. Phokoso lonse linatha, chifukwa palibe ankadziwa kuti mwanayo ndi wa mbali iti. Woyamba kundipeza anali mwini mfuti uja, akungobwereza kuti pole mama, kutanthauza pepani mayi, ndi kuti anangowombera m'mwamba. Amuna anga atafika anamuzindikira kuti ndi msuweni wawo, mwana wa azakhali awo amene anakwatiwa tsidya lija. Awiriwo anathandizana kundidzutsa osayang'anana kumaso.

Masana ake apongozi anga aamuna, amene anamenya nawo nkhondo ku Burma koma sankaikamba konse, anaitana amuna anga pakhonde. Ku Chitipako mkazi sakhala pamaso pa apongozi ake aamuna, ndiye ine ndinkamvera kuseri kwa nyumba ndikuyamwitsa. Anati ali ku nkhondoko ankalondera mkaidi wina wa ku Japan, amene anawauza kudzera mwa womasulira kuti nkhondo yaikulu isanayambe, a kwawo anaphana ndi asilikali a ku Russia chifukwa cha mtsinje wina m'chigwa cha udzu wokhawokha. A Japan ankati malire ndi mtsinjewo, enawo ankati ali patsogolo pake, ndipo zinayamba ndi anthu ochepa odyetsa akavalo. Zinathera ndege ndi akasinja, anthu miyandamiyanda n'kutsala m'udzumo, mchimwene wake wa mkaidiyo ali m'gulu. Apongozi anati munthuyo ankalira pofotokoza, ndipo ankalephera kunena kuti malowo anali ndi ntchito yanji. Atatero anauza amuna anga kuti akaitane msuweni wawo adzamwete nawo mpungawo, agawane.

Msuweniyo anabweradi, ndipo mwana wanga uja lero ali ndi ana ake.

Ine ndimakhulupirira kuti tsiku limenelo Mulungu anatsegula pakamwa pa khanda kuti pasagwe maliro. Ndiye inu okhala m'malire, mukamva amuna akunola zikwanje chifukwa mtsinje wasuntha, musamati ndi zocheza ngati mmene ndinkachitira ine. Alankhuleni akadali pakhomo, chifukwa amene ali tsidya linalo mwina munayamwa bere limodzi ndi mayi ake.