Timabokosi tiwiri ta Tsvetanka

Inu amene mumati zaka zapita, simungaphunzirenso kanthu, tamvani za Tsvetanka wa m'tauni yakwathu ya Gabrovo.

Fakitale ya nsalu imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, mayiyu anali ndi zaka 54, mwamuna atamwalira kale. Anayenda m'maofesi miyezi isanu ndi itatu osaphula kanthu. Kenaka kampani ina inamulonjeza ntchito yoyankha mafoni ali kunyumba, bola akhoze mayeso a pa intaneti Lachiwiri m'mawa.

Tsono ife a ku Gabrovo timadziwika ndi kuumira, ndipo sitichita nazo manyazi. Pakhoma pa Tsvetanka panali timabokosi tiwiri ta intaneti, modemu ndi rauta, tonse tikudya magetsi. Zinkamuwawa mumtima.

"Tiwiri tantchito yanji, alamu?" anatero Stoyko, mchimwene wa malemu mwamuna wake. "Kwanga kuli rauta yokha, koma intaneti ili gwa. Inu mukungoweta kabokosi kaulesi."

Lolemba Tsvetanka anazula modemu nkukaibweza kukampani ya intaneti. Lachiwiri m'mawa anagwira waya wa kukhoma kuti aulowetse mu rauta. Wayawo unali wa mutu wozungulira, mabowo a rauta onse a makona anayi. Anatembenuza uku ndi uku mpaka nthawi ya mayeso inatha. Ntchito inapita, ndipo analira kwambiri.

Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula. M'mawa mwake ananyamula rauta ija kupita kwa a Racho, mkulu wokonza zamagetsi pafupi ndi msika, nkuwafotokozera zonse, kuphatikizapo mawu a Stoyko.

"Mayi, rauta ntchito yake nkugawa intaneti m'nyumba," anatero a Racho. "Yomva chilankhulo cha waya wakunja ndi modemu. Alamu anuwo amakhala m'nyumba zosanja, waya wawo umafika utamasuliridwa kale. Wanuwu ndi wa TV. Umafuna modemu, kapena rauta yokhala ndi modemu mkati."

"Bwerezaninso pang'onopang'ono, ndilembe."

"Mukufuna kundilanda ntchito eti?"

"Mukandiphunzitsa bwino, inde."

Anabwera mawa lake, mkuja wakenso, mpaka chisanu chonse chinatha. Zala zimene zinalumikiza ulusi zaka makumi atatu sizinavutike ndi timawaya. Chovuta chinali mayina achilendo, ndipo ankawaloweza akusenda mbatata.

Kampani yaing'ono yolumikiza intaneti m'tauni mwathu inamukana kawiri. "Agogo, makwerero muwatha?" anamuseka choncho. Ulendo wachitatu mwini kampaniyo anaika rauta patebulo nkufunsa onse ofuna ntchito funso limodzi.

"Kasitomala akufuna kutaya modemu, atsale ndi iyi yokha. Zitheka?"

Wina anati inde. Wina anati ayi. Tsvetanka anati, "Ndione kaye waya wa kukhoma kwake."

Anamulemba tsiku lomwelo.

Chaka chatha Stoyko anasamukira kumudzi, kunyumba ya makolo, atanyamula rauta yake yonyaditsa ija. Intaneti zii. Ataimba foni kukampani, amene anatsika m'galimoto ndi chikwama cha zida anali Tsvetanka.

"Alamu," anatero akutulutsa modemu, "ndakubweretserani kabokosi kaulesi."

Tsvetanka analuza ntchito chifukwa chosadziwa waya umodzi, lero akudya chifukwa cha waya womwewo. Nanunso ngati pali chimene chinakugwetsani, musachithawe. Bwererani mukachifunse bwinobwino, ndipo mtima musautaye.