Malemu Amagwera Kumanja

Mwamuna wanga anayamba kufa ndisanakwatiwe naye. Ntchito yake yeniyeni ndi kusoka nsapato pakhonde la sitolo, pafupi ndi pokwerera minibasi, koma mtima wake uli ku zisudzo. Ndiye poti boma lathu la chigawo silithandiza sewero lopanda matenda, iyeyu wafa ndi kolera, wafa ndi chifuwa chachikulu, wafa ndi chiwewe, chaka china mpaka anafa ndi chikuku atavala thewera, munthu wa ndevu zake. Anthu anangomutcha Malemu. Ine kumsika amandiitana kuti anamfedwa, ndipo kukwiya ndinatopa nako, ndimangovomera.

Mliri ukabuka, a ku ofesi ya zaumoyo amaimba foni, kutumiza galimoto ndi kangachepe. Mliri ukatha, foni ziii. Ndi moyo wanji umenewu, woti anzako atsekule m'mimba kuti kwanu moto uyake?

Kufa amakutha, pamenepo ndisaname. Amagwira pamimba, maso tong'oo, miyendo njenjenje, kenako khu! Zikatero mlamu wanga, mng'ono wake amene amasewera udokotala, amaima pambali pa mtembowo n'kuuza anthu kuti akaona zizindikiro azikanena kuchipatala tsiku lomwelo. Koma chimene anthu sadziwa n'chakuti Malemu nthawi zonse amagwera kumanja. Bondo lake lakumanzere linavulala kalekale pa njinga, ndiye amaliteteza. Ndimadziwa ndi ine, wochapa malaya afumbi mbali imodzi.

Pakati pa nsapato za anthu anali kuluka sewero lakelake, la telala wamanyazi amene amasoka madiresi a ukwati a akazi onse amene iye analephera kuwafunsira. Mulibe matenda, mulibe uthenga, safa munthu.

"Mayi a ana," ankatero akusoka, ulusi uli kukamwa, "ndikufuna tsiku limodzi lokha anthu andiombere m'manja nditaimirira."

Chaka chatha boma linati liyese kuthandizako masewero opanda uthenga, ndipo gulu lawo la zisudzo linapatsidwa holo Loweruka limodzi kuti lionetse sewero la telala lija. Boma lomwelo, ofesi ya khomo loyandikana, linakhwimitsa lamulo: wopezeka ndi kolera anenedwe tsiku lomwelo, ndipo misonkhano yonse m'deralo iime. Ife lamulo lachiwirili sitinalilabadire. Tinali otanganidwa ndi jekete la telala.

Lachinayi kunali kuyeserera komaliza. Ndinapita ndi jeketelo nditalisita bwinobwino. Kuyambira m'mawa bamboyu ankangothamangira kuseri, ati ndi mantha a sewero. Anavala jekete, natenga lumo, nayankhula mizere iwiri, kenako anagwira pamimba, miyendo njenjenje, khu!

Gulu lonse linafa nacho chiseko, ena mpaka kuomba m'manja.

"Achimwene, mwaiwala?" anakuwa mlamu wanga. "Muno simufa ayi! Tadzukani!"

Ine sindinaseke. Anagwera kumanzere, pa bondo lomwelo, osalira n'komwe.

Nditamutembenuza ndinaona maso atalowa mkati, zala zitakwinyika ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Zizindikirozi ndinaziphunzira kwa iye mwini, pa masewero ake omwewa. Chiseko chinatha, aliyense anadziwa, ndipo aliyense anaganiza za Loweruka.

"Alamu," anayamba mlamu wanga motsitsa mawu, "tiyeni tiwatengere kunyumba. Madzi a mchere ndi shuga tikuwadziwa. Akadzuka asewera, Lamlungu tikanena."

"Inu adokotala omwe aja?" ndinatero. "Pakamwa pomwepo?"

Amene anayankha ndi mwamuna wanga, atandigwira dzanja, mawu akuchokera kutali.

"Mayi a ana, chonde. Loweruka lokha lidutse."

Abale inu, chiyambire ukwati wathu munthu ameneyu sanandipemphepo kanthu ndi mawu oti chonde. Mtima unandiwawa kwambiri. Koma pakona panali ndowa ya madzi ndi kapu imodzi imene gulu lonse limamwera, ndipo Loweruka m'holomo mukanadzaza ana a eni. Kuposa zonse, unamfedwa wa nthabwala ndinauzolowera, koma weniweni sindimaufuna.

Ndinatuluka n'kuimitsa galimoto. Kuchipatala ndinanena ndi pakamwa pangapa: kumene wagwera, amene anali nawo, ndowa ija, zonse. Lachisanu pachitseko cha holo panali loko.

Anachira, Mulungu ngwabwino. Awiri a m'gulumo anadwalanso, nawo anachira. Atapeza mphamvu anapita ku ofesi kukapempha Loweruka lina, koma anamuuza kuti zoyesa zija zinatha ndi chaka chomwecho, poti sewero limene anathandiza silinaonetsedwe n'komwe. Anabwera kunyumba, napachika jekete kuseri kwa chitseko, n'kufunsa ngati madzi osamba alipo. Sanandikalipire, sanandithokoze. Jeketelo likadali pomwepo, ndipo chitseko chikamatsekedwa limandiyang'ana.

Koma si mliri unabuka? Foni inalira. Tsopano amamutenga ndi galimoto yabwinoko, ndipo asanayambe amalengeza kuti uyu ndi munthu amene anadwaladi. Anthu akuti masiku ano akufa bwino kuposa kale.

Mwezi watha anasewera pabwalo la sukulu ya kwathu kuno. Sindimafuna kupita, koma miyendo inanditenga, ndinakaima kumbuyo ndi dengu langa. Anagwira pamimba, nadzandira, ine maso ali pa bondo lija. Khu!

Kumanja.

Anthu anaomba m'manja iye ali chigonere m'fumbi, monga mwa masiku onse. Ine ndinadikira mpaka dokotala amalize uthenga wake, anthu ayambe kubalalika. Atadzuka n'kumasasa fumbi pa malaya, ataimirira, ndinatsitsa dengu pansi n'kuomba m'manja ndekhandekha.