Mazira pa Tsamba la Mtondo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, chaka chimene mvula inatithawa chija. Mzungu wina ankatsegula munda wa thonje kumtunda kwa Chitala, ndipo ankafuna ogwetsa mitengo. Anandipatsa nkhwangwa, chikwanje ndi tupa. Tinkagwetsa, kusadza nthambi, kuziunjika pazitsa, zikauma n'kutentha.

M'nkhalangomo munali mitondo yambiri. Dzuwa likafika poswa mtengo, mitondo ikaphuka masamba ofiira, m'nthaka munkatuluka agulugufe akuluakulu a mawanga onga maso pamapiko. Sadya kanthu, sakhalitsanso. Yawo n'kuikira mazira basi. Mazirawo ndiwo amaswa matondo, mbozi zija amayi amafinya, kufutsa ndi kuyanika. Mlongo wanga Nabanda, wamasiye wa ana atatu, ankasenza matondo ouma kukasinthitsa ndi mpunga ku Lifuwu. Ndiwo ankamutulutsa m'miyezi ya njala.

Tsiku lina Nabanda anandiimitsa panjira, n'kutembenuza tsamba la mtondo. Kunsi kwake kunali timazira toyera, tondandalika ngati mikanda.

"Achimwene, taonani, aikira kale. Auzeni abwana anuwo ayambe kutsidya kwa khwawa. Milungu isanu yokha, tikhala titatola."

M'mawa mwake kapitawo wathu, a Saidi, anandiitana pamaso pa anthu onse. "Iwe ndiwe mwana wa kuno. Tiyambe mbali iti, kuno kapena kutsidya?"

Kutsidya kunali kutali, kunalinso minga ndi chitedze. Komanso ndinaopa kusekedwa kuti mwamuna wankhwangwa akudandaula za mbozi.

"Kuno, a kapitawo," ndinatero.

Palibe anandikakamiza. Mtondo woyamba ndinaugwetsa ndine, ndikuimba. Patatha masiku, timbozi tinaswa pamasamba ofota, n'kumayendayenda kufuna chakudya, mpaka tinauma. Totsala tinapsa ndi moto.

Mvula inagwa kawiri n'kuleka. Chimanga chinapserera m'minda, ndipo Nabanda analibe chopita nacho ku Lifuwu. Ndinkamugawira phoso langa, chakudya chimene ankatipatsa kuntchito, koma phoso la munthu mmodzi silikwana pakamwa pasanu. Mwana wake wotsiriza, Malita, tinamuika m'manda chimanga china chisanache.

Mwina matondo sakanamupulumutsa. Anthu amandiuza choncho pofuna kunditonthoza. Koma ine ndikudziwa kuti ndinafunsidwa, ndipo ndinayankha poteteza mapazi anga. Ndakalamba ndi nkhwangwa m'manja, ndipo sindidula mtengo ndisanatembenuze tsamba lake.

Nabanda anamwalira osandinenapo kanthu pa nkhaniyi. Bola akanandilalatira.