Zakaliya Ndinamuika Pagolo

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza anthu kuno ku Katuli kuti Zakaliya, amene tsopano akuphunzitsa timu ya dziko la Mozambiki, mpira anaphunzira kwa ine. Limeneli ndi bodza.

Anabwera ndi amayi ake pothawa nkhondo, tonse tili anyamata. Kaputeni wa timu yapamudzi ndinali ine. Tsiku loyamba lomwelo anandidyetsa njomba mpaka ndinakhala pansi, atsikana ochokera kumadrasa akuonerera. Mawa lake ndinamuuza kuti, "Iwe, malo atsala ndi apagolo basi." Anakhala pagolopo mpaka anabwerera kwawo, osadandaula.

Chaka chatha anabwera kudzaona manda a amayi ake. Anthu atamuzungulira pabwalo lathu lakale, anandigwira dzanja nati, "Achimwene awa ndiwo anandipatsa malo m'timu, ife tilibe ngakhale pogona."

Ndinafuna kuulula kuti inali nsanje chabe. Koma m'maso mwake munali mutalengeza misozi, ndiye ndinangoti, "Unkagwira bwino, mphwanga."

Anaseka n'kundikumbatira. "Aa, achimwene! Ine amene ndinkangochinyitsa zigoli tsiku lililonse?"