Pikapu ya Bodi Yaitali

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe tinakatenga thupi la mayi kuchipatala cha pa boma. Mayiwo anafika kuchipatalako mochedwa, chifukwa tinaswera nawo m'mbali mwa msewu wa ku Thambani, atagona pamkeka, tikudikira matola omwe sankabwera. Pobwerera nawo kumudzi, galimoto yomwe tinapeza inali thwini kabu ya petulo, zija za makomo anayi koma kumbuyo kwake kwakufupi. Bokosi silinakwane. Chitseko cha kumbuyo chinatsala chotsegula, ndipo bokosilo tinachita kulimanga ndi mphira ngati thumba la makala. Pachitunda china chachikulu injini inazima, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Bokosi linatsetsereka, bambo n'kulitchinga ndi chifuwa chawo, amuna ena akuthamanga kuika miyala kumatayala.

Maliro atatha ndinawauza bambo ndi achemwali anga, a Dailesi, kuti ndikupita kukasaka ndalama ya galimoto, pakhomo pathu wina asadzafenso akudikira matola. A Dailesi analira. Bambo anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Pita, Filipo. Koma pogula udzandifunse."

Anthu kuno amati ku Joni ndalama amachita kutola. Bodza lenileni. Ndinayamba ndi kudula kapinga m'nyumba za azungu, kenaka kupenta, kenaka kunyamula matumba a simenti mpaka msana kumalira wokha. Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anthu ena atatu, ndipo m'nyengo yozizira tinkagona titavala nsapato. Ukaona galimoto ya apolisi unkathamangira kukabisala. Chomwe chinkandipweteka kwambiri si njala ayi, koma kukhala pakati pa anthu ambirimbiri popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la amayi ako. Ndalama ndikalandira, ina ndinkatumiza ya feteleza ndi sopo, ina ndinkabisa. Mowa ndinasiya, akazi ndinkangowaona ndi maso. Anzanga ankanditcha Abusa.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Dailesi ankakwera ndi bambo pachulu cha kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwira, ine n'kuimba. Bambo sankafunsa ngati ndadya. Funso lawo linali limodzi: "Galimoto ija ili pati?"

Patapita zaka ndithu, ndalama inakwana yogulira kanthu. Ndinali ndi mnzanga wa ku Mangochi, Amidu, yemwe ankagwira ntchito pagalaja. Iyeyo ndiye anandiperekeza m'malo ogulitsa galimoto zakale, ndipo tinapeza thwini kabu yofiira, ya petulo, injini yaikulu, yosintha yokha magiya. Inali yotchipa chifukwa imamwa mafuta ngati chidakwa, koma abale inu, inali yokongola. Ndinadziona kale ndikudutsa nayo pamsika wa pa boma, chigongono chili pawindo. Ndinatumiza chithunzi kumudzi.

Lamulungu lake bambo sanadikire n'komwe moni. "Chimenechi ayi," anatero. "Petulo amafera pachitunda. Unaona ndi maso ako."

Ndinawauza kuti ija inali yakutha, iyi ndi yamphamvu, ndipo wodwala akhoza kukhala mkati, pampando wa kumbuyo, osapsa ndi dzuwa. Iwo anati wodwala weniweni sakhala pampando, amagona.

Amidu naye, yemwe ndinkayesa kuti andithandiza, anakhala mbali ya bambo. Anati yosintha yokha magiya ikafa kwathu kuno palibe wokonza, ndipo galimoto za makompyuta zija zikadwala zimafuna makina a ku Blantyre. Anati pa msewu ngati womwe ndinkamufotokozerawo pamafunika dizilo yakale yopanda thebo, kachipangizo koonjezera mphamvu ya injini kaja, ya magiya a pamanja, yomwe makaniko wa pansi pa mtengo amaimasula ndi sipanala basi. Siithamanga, koma imakoka, ndipo masipuling'i ake amapirira katundu. Vuto linali lakuti zoterozo aliyense amazifuna, moti ngakhale yokalamba mtengo wake unali pamwamba kuposa yofiira ija. Ndinawauza bambo kuti ndikatsata zawozo ndiye kuti ndikhalanso ku Joni chaka china chathunthu.

"Khala," anatero. "Kuno kulibe chothamangira."

Ndinakwiya, ndinadula foni. Koma ndinakhala.

Chaka chimenecho mawu a bambo anayamba kuchepa. Ndikafunsa, ankati ndi netiweki. Kenaka anasiya kukwera pachulu, a Dailesi n'kumati bambo apita kudimba, apita kumaliro, akugona. Akapezeka, ankalankhula mwachidule, za galimoto zokhazokha. Ine ndinkati ndi ukalamba.

Ndalama itakwana, Amidu anandipezera pikapu yoyera ya makomo awiri, dizilo, bodi yaitali, kwa mlimi wina wachizungu. Penti inali itasupuka, koma injini ikalira unkachita kumva kuti muli moyo. Ndinaimba ndili pomwepo. A Dailesi anathamanga nayo foni, ndipo bambo anati ndiiyandikize ku injini. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenaka anati, "Tsopano kwera kumbuyoko, ugone chagada, mnzakoyo atseke chitseko."

Ndinachita manyazi, koma ndinagona, mzungu uja akuseka. Chitseko chinatsekeka, malo n'kutsalako kumutu. Nditawauza, anati, "Eya. Gula imeneyo." Ndinadziwa kuti akukumbukira za mayi, koma ndinkayesa kuti ndi chilonda chakale chabe.

Ndinaiyendetsa ndekha kudutsa ku Zimbabwe, ku Tete, mpaka pa Zobue. Pa malire a Mwanza ndinaswerapo, ma ejenti akundizungulira ngati ntchentche, ndipo msonkho unatenga kotsala konse. Ndinalowa m'dziko langa ndi galimoto, m'thumba muli mbee. Komabe mtima unali m'malo. Pachitunda chija ndinaika giya wani, pikapu n'kukwera pang'onopang'ono osatsokomola ngakhale kamodzi. Ndinaimba hutala ndili ndekhandekha.

Pakhomo panalibe nthungululu. A Dailesi anatuluka, n'kugwada pafupi ndi tayala, osandiyang'ana kumaso. Bambo ndinawapeza pakhonde atatsamira khoma, ndipo ndikanakumana nawo pamsewu sindikanawazindikira. Anangotsala mafupa okhaokha. Chakudya chinali chitasiya kudutsa pakhosi, ngakhale phala ankalibweza. Zinayamba nthawi yomwe ija tinkakangana za yofiira.

"Achemwali, bwanji osandiuza?" ndinakalipa. "Ine ndimaimba sabata iliyonse!"

"Anandiletsa," anatero a Dailesi akulira. "Anati ukamva ubwera ndi ya petulo ija, kapena ndalama yonse uthera mankhwala."

Bambo anakweza dzanja kuti tisiye phokoso. Anati tiwanyamule akaione galimotoyo. Tinawagwira uku ndi uku, ndipo anali opepuka ngati mwana. Anagogoda bodi ndi chala, anasuzumira masipuling'i, anati ndilize injini. Kenaka anati tiwagoneke kumbuyo. Ndinakana, koma anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndili wamng'ono. Tinayala mkeka, tinawagoneka.

"Tseka," anatero.

Ndinatseka. Anatambasula dzanja kupima malo otsala kumutu, n'kumwetulira. "Ndi bokosi lomwe ndikwana. Ine sadzandimanga ndi mphira."

Ndinalira pamaso pa anthu, ndipo sindibisa, kunali kulira kwa mkwiyo. Ndinawauza kuti ine sindinazunzike zaka zonsezo kuti ndigule galimoto ya maliro, ndinagula ya kuchipatala. Anati ndanena zoona, tipite kuchipatalako ngati ndikufuna.

M'mawa mwake tinapita pa boma, a pa boma anatitumiza ku Blantyre. Kumeneko dokotala anawayeza, n'kunditengera pambali. Anandifunsa kuti tinali kuti nthawi yonseyi. Anati chaka chapitacho mwina akanayesako kanthu. Ndikanamuuza chiyani, kuti tinkasankha injini?

Bambo anamwalira konko mvula isanagwe. Ndinawatenga ndekha. Bokosi linalowa lonse, chitseko chinatsekeka, azimayi anakhala m'mbali akuimba nyimbo, ndipo pachitunda paja palibe anatsika kukaika mwala. Kumanda anthu ankayamikira kuti mkuluyu wabwera mwaulemu. Ena anachita kundigwira dzanja, amvekere, "Mwana ndi ameneyu." Ndinkafuna kuwalavulira.

Pano pikapuyo ndi yomwe ikutidyetsa. Nyengo ya manachesi ndimanyamula madengu kupita nawo pa boma, masiku a msika ndimachita matola a ku Thambani. Injini sinandivutitsepo, Amidu sananame. Ndinalengeza kutchalitchi kuti wodwala aliyense ndimutenga, angopeza ndalama ya dizilo yokha. Koma chomwe ndaona n'chakuti kwathu kuno ya dizilo ya wodwala sipezeka. Amati tidikire kaye, mwina mawa adzuka bwino, mwina tiyese mankhwala a pagolosale. Munthu yemweyo akamwalira, ndalama imasonkhedwa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, ndipo amabwera amuna awiri atavula zipewa. Ndisanapite ku Joni ndinkati anthu akufa chifukwa kulibe galimoto. Galimoto ilipo tsopano, ili pakhomo pano, ndipo yanyamula mabokosi ambiri kuposa odwala.

A Dailesi amati ndizithokoza kuti bambo anapita momwe ankafunira. Kaya. Nthawi zina ndikaima pamalire kudikira katundu, ndimaona thwini kabu yofiira ikudutsa, ndiye ndimayamba kuwerengera ndekha kuti ndikanabwera ndi ija bambo akanakhala pampando wa kumbuyo, akudandaula za petulo njira yonse mpaka ku Blantyre, ali moyo.

Dzulo ndinakatenganso maliro ena pa boma, a mayi wa kutsidya kwa mtsinje yemwe anadwala mwezi wathunthu popanda wobwera kudzandigogodera. Tinalowetsa bokosi, ndinatseka chitseko, mwamuna wake n'kunena kuti galimotoyi inachita kupimidwa. Ndinamuuza kuti inde, inapimidwa. Bambo anasankha bwino, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire.